Tiyeni Tikwere Phiri la Zomba, Kumene Madzi a Mpunga ndi Matemba Amayambira



Mpunga ukalowa m'matumba, chimanga chikakhala m'nkhokwe, ambiri a ife timapezako masiku awiri atatu opumira. Wina amapita kukazonda abale ku Mangochi, wina amatsikira ku Limbe kukagula malata. Koma mutafunsa pa doko la Kachulu kapena pa sikimu ya mpunga ya Domasi kuti ndani anakwerapo phiri la Zomba kukangoyenda ndi kuona, manja amene angakwezedwe ndi owerengeka. Phirilo timaliona m'mawa uliwonse. Mitambo ikaunjikana pamutu pake timadziwa kuti tikayanule mpunga msanga. Komabe timati kumeneko n'kwa azungu ndi mabwana a magalimoto, ife tikatengeko chiyani?

Ine ndikuti malo amenewa ndi athu kuposa mlendo wina aliyense. Mlendo amakwera, kujambula maluwa, n'kubwerera kwawo. Koma madzi amene timathirira mpunga, ndiponso madzi amene matemba amaswaniranamo, amayambira pamwamba pomwepo. Munthu amene moyo wake uli pa madzi ayenera kukaona ndi maso ake, ngakhale kamodzi kokha, kumene madziwo amachokera. Ndipo ulendo wake ndi wokoma: kuli maluwa, kuli nkhalango, kuli mathithi, kuli malo oti ana athamange mpaka atope.

Yambirani m'munsi, m'munda wa maluwa

Musanakwere, yambani mwalowa m'munda wa mitengo ndi maluwa umene uli m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi nyumba zakale za boma. Anthu a m'tauni amangoti ku Botanic. Kuchokera pa depoti ndi kamtunda kokwera, achinyamata amayenda wapansi, ife a maondo olira timakwera kabaza. Pa geti pamakhala kandalama kolowera.

Munda umenewu ndi wakale kuposa agogo athu. Unayamba mu 1891, pamene Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda, anabwera ndi katswiri wa zomera dzina lake Alexander Whyte. Cholinga chawo sichinali kukongoletsa tauni kokha ayi. Ankafuna malo oyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja, kuti aone imene ingalolane ndi nthaka ndi nyengo ya kuno. Unali munda wachitsanzo, monga imene alangizi amatikonzera masiku ano. Whyte yemweyo ndiye anakwera phiri la Mulanje n'kukatenga nthambi za mkungudza kuti akatswiri aziunike, n'chifukwa chake dzina la mtengowo m'mabuku a sayansi lili ndi dzina lake. Chapafupi pali nyumba yakale imene bwanamkubwa ankakhalamo, lero ndi Hotel Masongola. Amene timamva Chiyao dzinalo silitivuta, mukangoona nsonga za denga lake mumvetsa. Paja Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe.

Lero mundawu amausamala ndi a bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo lili ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ntchito yawo ndi kusunga mitundu ya zomera za dziko lino kuti isathe, ndi kulemba mayina ake.

Mukalowa, choyamba kukulandirani ndi mthunzi ndi phokoso la madzi. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo, kulumpha miyala. Pali kapinga wosesedwa bwino, timilatho, magulu a nsungwi zazitali, mitengo ya mtundu wa kanjedza, ndi maluwa ofiira, achikasu, oyera, ena oti sitiwadziwa ndi dzina lomwe. Mitengo ina anaikhomera tizikwangwani ta mayina. Alekeni ana a sukulu akuwerengereni, amasangalala kuphunzitsa agogo. Mukapita mu September kapena October mudzapezanso mitengo ya jakaranda m'misewu ya m'tauni itachita maluwa obiriwira mofiirira, pansi ponse ngati ayalapo nsalu.

Koma mlimi asangoyang'ana m'mwamba. Pitani m'mbali mwa mtsinje muone gombe lake. Mitengo yafika mpaka pa madzi, mizu yagwira dothi ngati ukonde, gombe silikugumuka. Ndiyeno kumbukirani madimba athu, momwe khasu timalifikitsa mpaka pamene madzi akunyambita, chaka ndi chaka mtsinje n'kumatidyera mzere umodzi umodzi. Kenaka pisani dzanja pansi pa masamba ogwa. Dothi lake ndi lakuda, lofewa, lozizira, muli nyongolotsi. Palibe anathirapo feteleza. Ndi masamba omwewo amene ife timasesa n'kutentha.

Msewu wokwera

Njira zokwerera zilipo ziwiri. Pali msewu wa tala wokhotakhota umene umafika ku hotela ya Sunbird Ku Chawe, imene inamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phiri. Palinso kanjira ka wapansi kotchedwa Potato Path, kamene kanatenga dzina kwa alimi a mbatatesi otsika nayo pamutu kupita kumsika. Kameneka n'kotsetsereka kwambiri, munthu wozolowera amatha maola pafupifupi awiri. Asiyireni anyamata.

Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, nyanja ya Chilwa ili pa mamita 600 ndi kena kake, pomwe nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse pa phirili, imapitirira pang'ono mamita 2,000. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye musadabwe kuchoka kunyumba mukutuluka thukuta, kufika pamwamba mano akugundana. Kuzizira komweko ndiko kumakoka mvula. Mphepo yachinyezi ikawomba phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ikazizira imatula madzi ake. N'chifukwa chake pamwamba pamagwa mvula yochuluka pafupifupi kawiri kuposa ya kuchigwa kwathu, ndipo ngakhale m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chimanyowetsabe udzu ife kumunsi tikupuma fumbi.

M'mbali mwa msewu mudzakumana ndi anyamata atanyamula timbale ta masitiroberi, mabulosi, magalagadeya ndi mbatatesi. Zipatso zimenezi zimakonda kozizira, ndiwo mpunga wawo anthu a kuphiri. Gulani, ndipo musawanenerere mpaka kuwaliza, iwonso ndi alimi anzathu. Chenjezo limodzi lokha: kuli mabulosi ena achikasu a minga, okoma ndithu, amene kwawo ndi ku mapiri a ku Asia. Anabwera ngati chipatso, lero afalikira m'nkhalango ndipo amatsamwitsa timitengo tating'ono. Idyani zipatso zake, koma mbande yake musatengere kumudzi.

Damu la Mulunguzi ndi nkhalango ziwiri

Pamwamba si nsonga imodzi monga momwe timaonera tili kumunsi. Ndi dziko lonse, lokhala ngati mbale yaikulu: m'mphepete mokwera, pakati polowa. Madzi a m'mbale imeneyi amasonkhana mu mtsinje wa Mulunguzi, ndipo pamene mtsinjewo watsala pang'ono kutsika phiri anautchinga ndi khoma lalikulu. Limenelo ndilo damu la Mulunguzi, limene linamalizidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo limasunga malita opitirira 3 biliyoni. Madzi a m'mipopi ya mzinda wa Zomba, m'zipatala, m'sukulu ndi m'mizikiti momwe, amachokera pamenepa kudzera ku Southern Region Water Board. Chifukwa damu lili pamwamba, madziwo amatsika okha ndi kulemera kwake.

Imani pa khomalo kanthawi. Madzi ali phee, mitengo ikuonekera m'kati mwake ngati pa galasi. Ndi malo abwino oyalapo mkeka ndi kumwa tiyi. Koma ndi madzi akumwa a anthu, choncho osasambamo, osachapiramo, osatayamo kanthu.

Kuzungulira damu mudzaona nkhalango za mitundu iwiri. Yoyamba ndi ya paini, yobzalidwa m'mizere ngati chimanga. Paini ambiri a kuno kwawo ndi ku Mexico. Amakula msanga, amapereka matabwa pakatha zaka 25 kapena 30, koma pansi pake pamangokhala timasamba touma ngati singano, udzu wochepa, mbalame zochepa. Yachiwiri ndi nkhalango yachilengedwe, imene yatsala makamaka m'makwawa ndi m'mbali mwa timitsinje. Mukalowamo mudzamva kusintha pa khungu pomwe. Muli mdima wozizira, mitengo yavala ndere, zilambe zikulendewera, nchima zikudumpha m'nthambi. Penapake mudzapezanso mikungudza imene a zankhalango akale anabweretsa kuchokera ku Mulanje. Nunkhizani khungwa lake, simudzaiwala. Phirili linaikidwa pansi pa chitetezo cha boma mu 1913, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo ankadziwa kale kuti akuteteza madzi.

Nkhalango imagwira ntchito ngati chinkhupule. Dontho la mvula likagwa limayamba lamenya tsamba, mphamvu yake n'kutha. Likafika pansi limapeza masamba owola, limalowa pang'onopang'ono motsata mizu, n'kukakhala pansi pa nthaka. Patapita miyezi, dontho lomwe lija limatulukira pa kasupe. Ndiye chifukwa chake Mulunguzi amayendabe mu October, mvula itasiya kalekale. Pamene palibe mitengo dontho limamenya dothi lambulanda, limathamanga tsiku lomwelo litanyamula matope, ndipo mu October mulibe kanthu.

Kuti muone madziwo akusewera, tsatirani mtsinje chokwera. Pali mathithi a Mandala kufupi ndi damu, ndipo chapatsogolo pali mathithi a Williams, pamene madzi amatsika pa miyala yosanjikizana ngati masitepe. Ana amavula nsapato n'kuviika mapazi, koma sachedwamo, madzi ake amaluma ngati atuluka m'firiji.

Nsomba ya kozizira

Asodzi, nayi nkhani yanu. M'mbali mwa Mulunguzi muli malo amene anakumba maiwe a nsomba yotchedwa trout. Nsomba imeneyi si ya kuno. Azungu anaibweretsa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 kuti aziwedza posangalala. Ili ndi timadontho thupi lonse ndi mzere wofiirira m'nthiti. Imafuna madzi ozizira, oyera, othamanga, okhala ndi mpweya wambiri. Madzi akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika. N'chifukwa chake m'dziko muno imapezeka m'mapiri okha, monga kuno ndi ku Nyika. Mutaiika m'dziwe la ku Chilwa siigona masiku.

Makumba athu ndi chilunguni ndi zosiyana nayo. Zimenezi zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Kukazizira zimasiya kudya, n'chifukwa chake amene muli ndi maiwe mumaona nsomba zikuima kukula mu June ndi July. M'miyezi imeneyo chepetsani gaga, chifukwa chakudya chosadyedwa chimangowola n'kuipitsa madzi. Phunziro la trout ndi lomwelo: yamba wadziwa madzi ako, kenaka usankhe nsomba. Ambiri ataya ndalama chifukwa choyamba ndi nsomba imene anaimva pa wailesi.

Amene akufuna kuponya mbedza m'madamu a pamwamba, monga la Chagwa, ayambe wafunsa kwa a zankhalango za chilolezo. Ndipo ndi mbedza basi. Khoka ndi matchera zitsale kunyanja.

Zosangalatsa zina

Njira zoyendamo zilipo zambiri, zina za ola limodzi, zina za tsiku lathunthu. Ena amabwera ndi njinga zokwerera mapiri, ena amamanga matenti n'kugona komweko, ena amangokhala ndi zoonera patali kudikira mbalame. Kumtunda kwenikweni nkhalango imatha, n'kuyamba udzu waufupi wa m'mapiri. M'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, m'udzu umenewu mumatuluka maluwa a mitundumitundu, ena a mtundu uja umene anzathu a kumpoto amakumba timbatata take kupangira chinaka. Aoneni ndi maso, manja akhale m'thumba.

Chakumadzulo kuli dzenje lotchedwa Chingwe's Hole. Pakamwa pake ndi pang'ono, pobisika ndi mitengo, koma ndi lakuya. Anthu a m'derali amasimba kuti kale mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati odwala khate. Mukaima chapafupi mumaona chigwa cha Shire chitayalidwa pansi panu. Pamenepa pamakhalanso anyamata ogulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri a Zomba ndi Malosa. Koma n'kutali ndithu, ndipo msewu wake ndi wafumbi. Ngati tsiku ndi limodzi ndipo muli ndi okalamba, dzenjelo lisiyeni, nthawiyo musungire malo amene ndikufuna kunena tsopanowa.

Pamene nyanja imaonekera

M'mphepete mwa phiri chakum'mawa muli malo awiri oonerapo patali. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth amene anacheza kuno mu 1957. Enawo ndi Emperor's View, pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafika mu 1965. Ana a madrasa muwauze kuti Ethiopia ndi dziko lija la Habasha limene amalimva m'mbiri.

Mukaima pamenepo kunja kutayera, tauni yonse ya Zomba ili pansi pa mapazi anu ngati mabokosi a machesi. Kutali chakummwera kuli phiri la Mulanje. Patsogolo panu chigwa chayalidwa mpaka kumalire a Mozambique, ndipo m'kati mwake mukung'anima nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi chili pakati. Tsiku limene tinapita ndi anzathu a kunyanja, bambo wina amene wakhala pa bwato kuyambira ali mnyamata anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Shehe, kodi nyanja yathu ija ndi yomweyi? Ikuoneka ngati madzi otsala m'beseni." Ananena zoona. Uli pa bwato, Chilwa ndi dziko lonse. Uli pa phiri, umaona kuti ndi kanthu kosalimba.

Tsopano tsatirani ndi chala mizere yobiriwira imene ikuchoka m'tsinde mwa phiri kulowera kunyanja. Imeneyo ndi mitsinje. Mulunguzi uja munamuona ku damu amadutsa m'tauni n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amathirira mpunga wa pa sikimu asanakalowe m'nyanja. Chakumpoto kuli Domasi, amene amachokera m'chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, nayenso amadyetsa sikimu yake n'kukathera ku Chilwa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene chachitika pamwamba, chabwino kapena choipa, chimatsika ndi khwawa lomwelo mpaka pa munda wanu.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, m'malo ambiri siipitirira mamita 3. Imakhala ndi zimene mitsinje ndi mvula zabweretsa, kuchotsapo zimene dzuwa lamwa. Achikulire tikukumbukira kuti inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi mu 2018 inaphwa kwambiri mpaka mabwato kukhala pa matope ong'ambika. Tinene chilungamo: nyanjayi imauma makamaka mvula ikavuta zaka zotsatizana, ndipo inkauma kale mitengo isanathe. Koma funso ndi ili: ikauma, nsomba zimabwerera bwanji? Matemba, makumba ndi milamba yochepa imabisala m'maiwe otsala m'mitsinje, ndipo mvula ikabwera ndi yomweyo imene imaswana n'kudzazanso nyanja. Matemba ndi milamba imakweranso mitsinje ndi madzi oyamba kukaikira mazira. Ndiye kuti nkhokwe ya mbewu ya nyanja ndi mitsinje, ndipo chimene chimasunga madzi m'mitsinje nthawi ya chilala ndi nkhalango ya pa phiri. Mitengo ikatha, maiwe aja adzauma limodzi ndi nyanja, ndipo sipadzakhala poyambira. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Zipsera za phiri

Sindingakunamizeni kuti mudzangoona zokongola zokhazokha. Mudzaona mapiri ena ali mbee, zitsa zokhazokha. Mudzaona malo akuda pamene moto unadutsa, chifukwa chaka ndi chaka, kuyambira August mpaka mvula itagwa, moto umalusa m'phirimo n'kupha mbande zimene anthu anavutika kubzala. Pa msewu mudzapatukira njinga zosenza nkhuni mulu wotalika kuposa mwini wake, ndi amayi otsika ndi mitolo pamutu.

N'kosavuta kuwaloza chala. Koma tidzifunse, nkhunizo zikupita kuti? Milamba timaiwamba ndi chiyani? Njerwa za nyumba zathu, ngakhale za mizikiti ndi madrasa athu, tinaotcha ndi chiyani? Makala amene timaphikira tiyi wa alendo anachokera kuti? Wodula ndi mmodzi, ogula tili khumi. Lamulo la zankhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera, koma lamulo silingalondere mtengo uliwonse ngati msika wake tikuupereka ndife.

Malipiro ake tikuwaona kale. Alimi a m'masikimu mukudziwa masiku amene mumataya kuchotsa mchenga m'ngalande mvula ikatha. Mchenga umenewo ndi phiri likutsika. Umene wapitirira ngalande umakathera m'nyanja, nyanja yosaya kale n'kumakwiririka. Ndipo tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, matope ndi miyala n'kukwirira midzi. Allah awachitire chifundo abale athu amene anatisiya. Mvula ya mtundu umene uja palibe angaitchinge, komabe phiri lovala ndi phiri lovula sizilandira mvula mofanana.

Pali cholimbitsa mtima. M'malo amene anthu a m'midzi yozungulira agwirizana kulambula njira zotchingira moto ndi kuzimitsa moto ukabuka, mitengo yachilengedwe ikuphukanso yokha kuchokera ku zitsa. Mukaona malo otere, funsani okuperekezani kuti anachita bwanji.

Kukonzekera ulendo

Miyezi yabwino yoonera patali ndi April, May ndi June, mvula itangotha, kunja kusanadzaze utsi. Mu September ndi October kumatentherako koma utsi wa moto umabisa nyanja. M'dzinja mathithi amadzaza ndipo maluwa ndi ambiri, koma misewu yafumbi imaterera.

Ulendo wa munthu mmodzi ndi wodula, wa gulu ndi wopepuka. Kalabu ya alimi, komiti ya pa doko kapena makolo a pa madrasa angathe kusonkherana pang'onopang'ono n'kuchita hayala minibasi imodzi. Gwirizanani ndi dalaivala musananyamuke kuti akakufikitsani pati ndi pati, ndipo muone kuti mabuleki ake ndi abwino, potsika si pamasewera. Sankhani tsiku losakhala Lachisanu, nyamukani mukangoswali Fajr.

Tengani majuzi ndi zofunda za ana ngakhale kunyumba kukutentha. Kamba phikani kunyumba, mpunga, nsomba, mbatata, tiyi m'fulasiki, potero simuvutika kufunsa za halaal ndipo ndalama imatsala. Nyamulani mkeka ndi jagi. Nthawi ya Dhuhr ikakwana tungani madzi m'jagi mukapangire wudhu chapatali ndi mtsinje. Chibula chili chakumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Anyani ndi apusi ndi akuba odziwa ntchito yawo, chakudya musachisiye poyera ndipo musawapatse.

Pafupi ndi hotela pamakhala anyamata operekeza alendo amene amadziwa njira zonse. Tengani mmodzi, mugwirizane mtengo poyamba. Nkhungu ya pa phirili imabwera mwadzidzidzi, moti munthu suona mnzako ali pa mapazi khumi, ndipo m'mphepete muli maphompho. Ana agwireni pa mkono pa malo oonera patali. Osayatsa moto paliponse, osathyola maluwa, mapepala ndi mabotolo abwerere nanu.

Ndipo abambo, amayi asatsale kunyumba. Ndi iwo amene amatunga madzi, ndi iwo amene amayenda mtunda kufuna nkhuni, ndi iwo amene amawamba nsomba. Akaona okha, nkhani ya mitengo m'mudzi iyenda msanga kuposa ife titalankhula chaka chonse.

Zobwera nazo kumudzi

Potsika, ngati ndi tsiku la ntchito, dzerani ku ofesi ya kafukufuku wa zankhalango ya FRIM m'tauni momwemo mukafunse za njere za mitengo. Amene mukulowera njira ya Liwonde, ku Domasi kuli likulu la boma la ulimi wa nsomba, kumene mungafunse za mbewu ya makumba ndi kakumbidwe ka maiwe.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, choncho nazale iyenera kufesedwa mu August kapena September kuti mbande zidzakhale zitakhwima. M'mbali mwa mtsinje siyani mpata wosalima, mubzalemo mbawa, mkuyu, mwimbi ndi nsungwi. Bulugamu ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi kwambiri, ndiye akhale kumtunda, kutali ndi kasupe. M'minda yotsetsereka bzalani vetiva pa akalozera. Mzikiti uliwonse umene uli ndi kamalo ukhale ndi kamunda ka mitengo ya nkhuni, kuti pa maliro ndi pa zikondwerero tisamadalire phiri. Kukhitchini yesani chitetezo mbaula. Ku madoko, mauvuni osatha nkhuni ndi matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa anafika kale m'malo ena monga Kachulu, tiwagwiritse ntchito. Ndipo chilimwe chikafika pa mutu, maiwe otsala m'mitsinje tiwalondere ngati nkhokwe: pasalowe neti ya udzudzu, pasathiridwe katupe.

Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi muikambirane pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, musankhe tsiku, msungichuma ayambe kulemba mayina. Gulu limene lipite chaka chino, Insha Allah, litilembere zimene laona kuti tidzaziike m'kalata ino anzathu amve.